Mapanga Awiri Avumbwitsa: Atsogoleri a Apantchito, Andale ndi Amuna a ku Migodi

  

Mzinda wa Lilongwe umene takhalamo madzulo anowu uli ndi ngongole kwa amuna a ku migodi. M'chaka cha 1968 boma la South Africa linabwereketsa dziko lino ndalama zokwana 8 miliyoni rand zoyambira kumanga likulu latsopano, ndipo mu 1975 boma linasamuka ku Zomba kubwera kuno. M'zaka zomwezo, kumayambiriro kwa ma 1970, amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali kukumba golide m'migodi ya dziko lomwelo. Ubale umene unabweretsa ndalama za Capital Hill ndi womwewo umene unkatumiza amuna aja pansi pa nthaka. Ndiye funso langa ndi ili: nthawi yonseyo, ndani ankawalankhulira?

Ndili ndi mfundo zitatu. Yoyamba: wandale amafuna wapantchito pamene akufuna mpando, ndipo akaupeza amakhala ndi zina zoti asamale. Yachiwiri: mtsogoleri wa apantchito amene afuna kukhalanso wandale amataya chimodzi mwa ziwirizo. Yachitatu ikukhudza kwathu kuno, dzulo ndi mawa. Pa zonsezi sungani mawu amodzi: wandale amafuna boma, wam'godi amafuna kutuluka m'dzenje ali wamoyo, ndi malipiro okwanira kudyetsa ana ake. Zofuna ziwirizi nthawi zina zimayendera limodzi, koma si chinthu chimodzi.

Mfundo yoyamba. Ndiyambire kutali pang'ono, ku America, m'chigawo cha Idaho. Mu 1896 anthu a kumeneko anasankha Frank Steunenberg kukhala bwanamkubwa, ndipo mavoti a apantchito anamuthandiza kwambiri, poti iyenso anali munthu wa bungwe la osindikiza mabuku. Mu 1899 mkangano wa malipiro utafika poipa pa mgodi wa Bunker Hill, gulu la anthu a m'migodi linaphulitsa chigayo cha miyala cha kampaniyo. Steunenberg anapempha Pulezidenti McKinley kuti atumize asilikali, ndipo amuna mazanamazana, olakwa ndi osalakwa omwe, anawatsekera m'khola la matabwa kwa miyezi popanda kuwazenga mlandu. Mu December 1905 bomba linamupha pachipata cha nyumba yake. Mtsogoleri wa bungwe la Western Federation of Miners, Bill Haywood, anazengedwa mlandu wa imfayo mu 1907 ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Sindikuikira kumbuyo mabomba, ayi, anapha anthu ndipo anapatsa eni migodi chifukwa chothyolera bungwe. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti munthu amene apantchito anamukweza ndi yemweyo anawaitanira mfuti. Ndipo nkhaniyi si yakutali monga ikumvekera. Mmodzi wa akuluakulu a Bunker Hill, John Hays Hammond, amene anathandiza eni migodi kugwirizana polimbana ndi mabungwe a apantchito, anasamukira ku South Africa mu 1893 n'kudzakhala katswiri wa migodi wa Cecil Rhodes. Eni migodi ankaphunzirana nzeru kutsidya ndi kutsidya la nyanja kuyambira kale.

Tsopano tibwere kwa mwana wa kwathu. A Clements Kadalie anabadwa mu 1896 ku Chifira, pafupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Livingstonia, anaphunzitsako pang'ono, kenaka mu 1915 anauyamba ulendo wa kumwera ngati anzawo ambiri. Anagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Shamva ku Southern Rhodesia, ndipo kumeneko anaona ndi maso awo mmene munthu wakuda ankakhalira m'komboni. Mu 1918 anafika ku Cape Town. Onani mmene bungwe lawo linabadwira: mzungu wina, A.F. Batty, ankapikisana nawo pa chisankho cha phungu m'dera la kudoko, kumene anthu akuda ena anali ndi ufulu wovota. Batty ankafuna mavoti, a Kadalie ankafuna bungwe. Mu January 1919 anakhazikitsa bungwe la apantchito la ICU ndi anthu 24 okha. Pofika December chaka chomwecho anaimitsa ntchito padoko la Cape Town, ndipo mu 1920 boma linalamula kuti awathamangitse m'dzikomo, ngakhale lamulolo linadzachotsedwa. Pofika 1927 ICU inali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Mtonga wa ku Nkhata Bay, amene pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira, anali atamanga bungwe lalikulu kuposa lililonse limene anthu akuda anakhalapo nalo kumwera kwa Africa kufikira nthawi imeneyo.

Nanga andale anatani naye? Mu 1922 azungu a m'migodi ya ku Rand ananyanyala ntchito poopa kuti ntchito zawo zipatsidwa kwa anthu akuda otsika mtengo. Nduna yaikulu Jan Smuts anawathira asilikali, mizinga ndi ndege. Apa General Hertzog, amene ankafuna kugwetsa Smuts, anayamba kumwetulira aliyense wodana ndi Smuts, ndipo a Kadalie anali m'gulu limenelo. Hertzog anali atawalemberapo kalata yokoma ndi kuperekapo kandalama ka chithandizo. Pa chisankho cha 1924 a Kadalie analimbikitsa anthu akuda a ku Cape kuti avotere mgwirizano wa Hertzog ndi chipani cha Labour. Mgwirizanowo unapambana. Boma latsopanolo linayamba kuchotsa anthu akuda pa ntchito za njanji n'kuikapo azungu osauka. Mu 1926 linakhwimitsa lamulo losungira azungu ntchito zaluso za m'migodi. Mu 1927 linakhazikitsa lamulo lopatsa boma mphamvu zomangira munthu pomuganizira kuti akudanitsa mitundu, ndipo a Kadalie iwowo anakaimirira m'khoti pa lamulo limenelo.

Inu amene mumakwera minibasi ku Old Town mukumudziwa woitanira. Amakuthamangirani, amakulandirani chikwama, amakutchulani bwana, amakulonjezani kuti galimoto ikunyamuka pompano. Mukangokhala pampando ndipo minibasi yadzaza, maso ake ali kale pa ina. Sikuti amadana nanu. Ntchito yake ndi kudzaza galimoto, osati kukufikitsani. Hertzog anadzaza galimoto yake mu 1924. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo la wandale pa nthawi ya kampeni ndi fodya wa pachala. Chimene wapantchito angatche chake ndi pangano lolembedwa, losainidwa ndi bwana, limene khoti lingaliteteze.

Pali chinthu china chowawa pa mbiri ya ICU chimene sindifuna kuchibisa chifukwa choti a Kadalie ndi akwathu. Bungweli linakula m'madoko, m'matauni ndi m'mafamu, koma silinalowe kwenikweni m'makomboni a migodi ya golide, mmene munali amuna ambiri ozunzika. Komboni inamangidwa dala kuti mlendo asalowe: mpanda, chipata chimodzi, apolisi a kampani, mabedi a simenti osanjikizana, amuna ogonekedwa potsata mtundu wawo, aliyense pansi pa induna yake. Pamene atsogoleri ankakangana m'maofesi, mu 1926 kuchotsa achikomyunizimu, mu 1928 A.W.G. Champion kupatuka ndi nthambi ya ku Natal, mu 1929 a Kadalie kutula pansi udindo, wam'godi anali yekha. Ku Shamva komwe kuja, mu September 1927, anthu pafupifupi 3,500 ananyanyala ntchito, otsogolera ambiri anali a ku Nyasaland, ndipo boma linathetsa sitirakayo ndi apolisi ndi kuthamangitsa atsogoleri. A Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, ICU itatsala dzina.

Wandale amafuna boma. Wam'godi amafuna kutuluka wamoyo.

Mfundo yachiwiri itipititsa kwa anansi athu, ku migodi ya kopa ya ku Zambia, kumene anthu ambiri a ku Chipata ndi a kuno ankagwira ntchito, ena pansi, ambiri a kuno ngati makalaliki. Mu 1935 anthu ananyanyala ntchito ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya msonkho utakwera, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu 6. Mu 1940 ku Nkana anafa anthu 17. Nthawi zonsezo panalibe bungwe lovomerezeka. Mu 1949 linabadwa bungwe la African Mineworkers' Union, mtsogoleri wake a Lawrence Katilungu. Mu 1952 anatsogolera sitiraka ya masabata atatu, yabata, yopanda kukhetsa magazi, ndipo malipiro anakwera ndithu. Apa wam'godi anaona phindu la kukhala ndi womulankhulira wakewake.

Kenaka andale anagogoda. Mu April 1953 a Harry Nkumbula a chipani cha African National Congress anaitanitsa masiku awiri a mapemphero, anthu asapite kuntchito, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Aliyense ankadziwa kuti popanda a m'migodi zimenezi sizikanagwedeza boma. A Katilungu sanatulutse anthu awo. Anati bungwe ndi la nkhani za ntchito, ndipo ankaopa kuti anthu achotsedwa ntchito n'kutaya zimene anali atangopeza kumene. Andale anawatcha wogulitsa. Kodi analakwa? Ine ndikuti pa tsiku limenelo mlandu wawo ndi wovuta kuugamula. Chitaganya chinali choipa kwa munthu wakuda aliyense, wam'godi yemwe. Komanso amene akanachotsedwa ntchito n'kubwezedwa kumudzi sanali a Nkumbula. Chimene chinawagwetsa a Katilungu chinadza pambuyo pake, pamene iwo eni, amene ankati bungwe lisalowe ndale, analowa ndale. Mu 1960 anavomera kukhala m'komiti ya Monckton younika za chitaganya, imene anthu ambiri akuda ankainyanyala, anayandikira chipani cha a Nkumbula pamene achinyamata a m'migodi anali atatsatira chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda, ndipo anthu awo anadandaula kuti sakuonekanso ku ofesi ya bungwe. Anawachotsa pa mpando, ndipo mu 1961 anafa pa ngozi ya galimoto. Mapanga awiri avumbwitsa.

Musaganize kuti zimatha bwino mtsogoleri wa apantchito akafika pamwamba penipeni. A Frederick Chiluba anatsogolera mabungwe a apantchito a ku Zambia kuyambira 1974, a Kaunda anawatsekera mu 1981, ndipo mu 1991 anthu a ku Copperbelt anawanyamula mpaka ku State House. Boma lawo ndi limene linagulitsa migodi ya kampani ya boma ya ZCCM, ndipo anthu zikwizikwi anataya ntchito pamodzi ndi zipatala ndi masukulu amene kampani inkasamala. Ku South Africa a Cyril Ramaphosa anamanga bungwe la a m'migodi la NUM kuyambira 1982, natsogolera sitiraka yaikulu ya 1987 ya anthu oposa 300,000. Pa 16 August 2012, pamene apolisi anapha anthu 34 ku Marikana, a Ramaphosa anali m'bodi ya kampani ya Lonmin, ndipo anthu onyanyalawo anali atataya kale chikhulupiriro mwa NUM, poiona kuti yayandikira kwambiri mabwana ndi chipani cholamula. Sindikunena kuti amuna amenewa anali oipa mtima. Ndikunena kuti mpando umasintha zimene munthu ayenera kusamala. Pulezidenti amaganiza za ngongole za dziko ndi za amalonda akunja. Wam'bodi amaganiza za eni masheya. Za fumbi la m'mapapo amaganiza ndi amene akulipuma.

Mfundo yachitatu, ndipo apa ndikupemphani tcheru, makamaka inu olemekezeka aphungu. Kwathu kuno wam'godi sanachite kusiyidwa ndi mtsogoleri wake. Analibe mtsogoleri n'komwe.

Azibambo amene munatsikako pansi ku Joni, amene muli kutsogoloku, mukukumbukira. Munthu ankapita ku Wenela, ofesi yolemba anthu opita ku migodi, kumuyeza sikelo, kumuunika pachifuwa, kudinda chala pa kontrakiti imene sanaiwerenge, kumuveka nambala padzanja, n'kukwera ndege ya ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Joni. Gawo lalikulu la malipiro ankalisunga kuti adzalandirire kuno, ndipo ndalama zimenezo zinkabweretsera boma lathu ndalama zakunja. Kumeneko bungwe la anthu akuda silinkaloledwa kukambirana ndi mabwana. Mu August 1946 J.B. Marks atatsogolera anthu oposa 60,000 kupempha masheleni 10 patsiku, apolisi a Smuts anawabwezera m'dzenje ndi zibonga ndi mfuti sabata isanathe. Choncho womulankhulira Mmalawi anali boma lake lokha, boma limene linkapindula ndi ulendo wakewo.

A Ngwazi Dr. Kamuzu Banda ankaidziwa komboni. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku mgodi wa malasha ku Dundee ndi ku Witwatersrand Deep ku Boksburg. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kontrakiti itatha, katundu wawo ali m'manja. A Kamuzu anaimitsa Wenela nthawi yomweyo. Ambiri anayamikira, ndipo mkwiyo wawo unali womveka. Koma taganizani: amuna oposa 100,000 anabwezedwa kwawo ndi mawu a munthu mmodzi, ndipo palibe anawafunsa ngati akufuna kusiya ntchito kapena akufuna ndege zabwino ndi malipiro abwino. Mu 1977 ulendo unatsegulidwanso pansi pa dzina la Theba, osawafunsanso. Mu 1988 unatsekedwa maboma awiri atakangana pa nkhani yoyeza HIV, ndipo anthu pafupifupi 13,000 anataya ntchito, osawafunsanso. Katatu konse.

Chifukwa chake n'chakuti mabungwe a apantchito a kuno anali atamezedwa kale. Ufulu usanabwere, mnyamata wina wa ku Rumphi, a Chakufwa Chihana, anali m'gulu la atsogoleri amene ankati bungwe likhale loima palokha, osati nthambi ya chipani. Malawi Congress Party sinagwirizane nazo, ndipo a Chihana anachoka m'dziko. Pofika 1965 mabungwe anakakamizidwa kukhala pansi pa chipani, ndipo amene anatsala anali owerengeka, osaluma. A Chihana atabwerera anakhala m'ndende popanda mlandu kuyambira 1971 mpaka 1977. Pambuyo pake anakhala mlembi wamkulu wa SATUCC, mgwirizano wa mabungwe a apantchito a kumwera kwa Africa, umene ofesi yake panthawiyo inali mu Lilongwe muno. Pa 6 April 1992, patangotha mwezi chiwerengedwere kalata ya maepiskopi, anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi atanyamula pepala loitanitsa ndale za zipani zambiri, ndipo anawamanga asanamalize kuliwerenga. Mwezi wotsatira anthu apantchito a ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto unafalikira mpaka kuno, ndipo anthu ambiri anawomberedwa. Ufulu umene tili nawo lero wosonkhana chonchi, apantchito anaulipirira ndi magazi. A Chihana anatuluka mu June 1993, anatsogolera chipani cha AFORD, anakhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Ndimawalemekeza kwambiri. Komabe tsiku limene anakhala wandale, apantchito anatsala akufuna wina, ndipo amuna a ku Theba sanamupeze.

Pitani ku ofesi ya zantchito tsiku limene kwamveka mphekesera yoti ndalama za ku Joni zabwera. Mukapeza abambo okalamba atakhala pansi pa mtengo, aliyense ali ndi jumbo ya pulasitiki yomangidwa ndi mphira, m'kati muli khadi la Theba lofufuma, nambala yosaoneka bwino, chithunzi cha mnyamata wamphamvu amene lero akutsokomola akangoyenda pang'ono. Ena ndi amayi amasiye, atenga mapepala a malemu amuna awo. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza chipukuta misozi cha 5 biliyoni rand kwa odwala matenda a fumbi la m'migodi ndi chifuwa chachikulu, kudzera ku Tshiamiso Trust. Amene anamenyera ndalama zimenezo ndi maloya ndi magulu a anthu a m'migodi eni ake. Kuti munthu alandire ayenera kusonyeza kuti anagwira mgodi uti, zaka ziti, ndi kuti mapapo ake awonongeka motani. Bungwe lamphamvu likanasunga kaundula ameneyo. Ife tinalibe, ndiye abambo athu akufufuza m'majumbo.

Tsopano migodi ikubwera pakhomo. Ku Kasiya, m'boma lomwe lino la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals yapeza miyala ya rutile imene akuti ndi yochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, pamodzi ndi graphite. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala ina yamtengo wapatali. Ku Kayelekera ku Karonga tinaona kale mgodi ukutsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa. Mapangano a migodi imeneyi amakambidwa ku Capital Hill ndi m'mahotela a ku City Centre, pakati pa nduna ndi makampani: msonkho ungati, gawo la boma lingati. Zimenezo n'zofunika, ndipo boma lichite bwino ntchito yake. Koma wandale amafuna boma, ndipo ndani akhale patebulo m'malo mwa mnyamata wa ku Kasiya amene adzayendetse makina m'fumbi?

Malamulo alipo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wolowa bungwe ndi wonyanyala ntchito. Lamulo la Labour Relations la 1996 limati bungwe likakhala ndi anthu 20 mwa 100 aliwonse pa malo a ntchito, bwana ayenera kukambirana nalo. Koma kumbukirani kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo, ili apa pafupipa, inasintha lamulo lomwelo kuti bwana azidula malipiro sitiraka ikapitirira masiku atatu pachaka, mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa MCTU ukukana. Amene anakweza manja tsiku limenelo ndi anthu amene apantchito anawavotera.

Ndiye kwa inu atsogoleri a mabungwe ndikupempha zinthu izi. Lembani anthu mgodi usanayambe, pamene akumanga misewu ndi nyumba, chifukwa chipata chikadzatsekedwa mudzaima panja monga inaimira ICU. Musaiwale olembedwa kudzera kwa makontrakitala, poti ndiwo adzakhale ambiri ndipo ndiwo oyamba kuchotsedwa. Muike m'pangano kuti munthu aliyense aunikidwe mapapo polowa ntchito, chaka chilichonse, ndi potuluka, ndipo chikalata cha zotsatira chikhale kwa iye ndi ku bungwe, osati ku kampani kokha. Muike m'malamulo a bungwe lanu kuti amene afuna kuima pa chisankho cha chipani chilichonse atule kaye udindo. Tiyeni timufunire zabwino, timuvotere ngati tikufuna, koma mpando wa bungwe usiyidwe kwa amene akutsikabe m'dzenje. Ndipo ndalama za bungwe zichokere m'matumba a mamembala, ziwerengedwe poyera chaka ndi chaka, chifukwa ICU sinagwe ndi Hertzog yekha, inagwanso ndi mabuku a ndalama osalongosoka.

Kwa inu olemekezeka aphungu, pempho langa ndi limodzi. Pangano la mgodi likadzafika ku komiti yanu, itanani a bungwe la apantchito ndi azibambo a ku Theba awa adzalankhule musanalivomereze. Ena a iwo ali m'chipinda chino, ndipo wapampando akandilola, ndikufuna nthawi ya mafunso iyambe ndi iwowo.